Kumanga kachombo ka matabwa kotengera dau lakale la pa nyanja yathu

Ambiri amene tinakulira kuno ku Mangochi tinasemapo kabwato ka mtengo wofewa n'kumakakoka ndi chingwe pa dooko. Chimene ndikufuna kukuonetsani pano n'chosiyana ndi kusema kumeneko. Ndi kachombo komangidwa thabwa ndi thabwa, kokhala ndi msana, nthiti, mlongoti ndi thanga, pa muyezo wotsatira chombo chenicheni. Ndipo chombo chake tisakachifune ku Ulaya. Nyanja yathu inali ndi zombo zake za matanga, madau, ndipo n'zimene ndimafuna ana athu azione pa shelefu.

Madau anabwera ndi amalonda a Chiswahili. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, zombo zimenezi zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya la kuvuma, kumene ulendo wapansi wopita ku Kilwa, ku gombe la nyanja ya mchere, unkayambira. Mfumu Makanjira nayo inali ndi madau ake, ndipo mu December 1891 Captain Cecil Maguire, wa asilikali a Angelezi, anaphedwa atapita kukawawononga. Dzina la Fort Maguire linachokera pamenepo. Choncho kachombo kameneka si kokongoletsera m'nyumba kokha. Ine ndimasiya m'kati mwake mosatseka dala, kuti mwana akasuzumiramo afunse chimene chinkanyamulidwa mmenemo, ndipo wamkulu amuyankhe zoona.

Yambani ndi pepala, osati sowo

Tili ndi mwayi woti miyezo ya dau limodzi inalembedwa. David Livingstone atafika ku Nkhotakota mu 1863 anapeza dau likumangidwa, lotalika mafiti 50, m'lifupi mafiti 12, kuya kwake mafiti 5. Kumeneko ndi pafupifupi mamita 15.2, mamita 3.7 ndi mamita 1.5. Ine ndimagwiritsa ntchito sikelo ya 1:30, kutanthauza kuti chilichonse mumachigawa ndi 30. Kachombo kanu kadzakhala kotalika masentimita 51, m'lifupi masentimita 12, kuya masentimita 5. Munthu woima m'menemo sangakwane masentimita 6. Dulani kamunthu ka katoni ka msinkhu umenewo n'kumakasunga pa tebulo. Mukamakayikira ngati chingwe kapena mtanda wanenepa kwambiri, kaimikeni pambali pake, diso lidzakuuzani.

Jambulani zithunzi ziwiri pa pepala lalikulu. Choyamba, chombo mukuchionera m'mbali: msana wowongoka wa masentimita 36, mphuno yaitali yopendekera kutsogolo, kumbuyo kopendekeka pang'ono chabe. Mkombero wa pamwamba ukhale wotsika pakati, pa masentimita 5, n'kukwera kufika 7.5 kutsogolo ndi 7 kumbuyo. Chachiwiri, mukuchionera pamwamba: potakasuka kwambiri pakhale kumbuyo pang'ono kwa pakati, ndipo thabwa lotseka kumbuyo likhale masentimita 8 m'lifupi. Madau ena amasongoka mbali zonse ziwiri, koma kwa woyamba kumene, lodulidwa kumbuyo ndi losavuta. Mizere yokhota musaijambule ndi dzanja lokha. Tengani kansungwi kopalidwa mopyapyala, mukapinde pakati pa mapini obayidwa pa pepala, n'kutsatira ndi pensulo. Nsungwi siinama. Pamene mzere wathyoka imakana kugona.

Kenako lembani mizere yodutsa chopingasa, motalikirana masentimita 5, ndipo pa mzere uliwonse jambulani mmene mimba ya chombo ingaonekere mutachidula pamenepo. Zimenezi ndizo zikombole zanu, zisanu ndi zitatu. Pindani pepala pakati, jambulani theka lokha, n'kudula lili chipindire, kuti mbali ziwiri zifanane ndendende. Pa chikombole chilichonse chotsani mamilimita 1.5 kuzungulira, malo a matabwa. Popeza tidzamanga chombo chili chafufumimba, msana uli m'mwamba, talikitsani chikombole chilichonse kuti kuchokera pa msana kukafika pamene chidzaimire pakhale masentimita 10 kwa zonse.

Musanadule kanthu, pitani ku Lake Malawi Museum pa boma pano, m'nyumba yakale ya Gymkhana Club, mukaone zokhudza zombo za pa nyanja ino. Tsiku lina mukwere kupita ku Mpwepwe kapena pa dooko lililonse pamene akukhoma boti la matabwa. Ola limodzi mutakhala pa mchenga mukuyang'ana mmene matabwa amacheperachepera akamayandikira mphuno lidzakuphunzitsani zimene ine sindingathe kulemba.

Mitengo ndi zida

Pa matabwa a m'mbali ndimakonda malaina. Ndi wopepuka, amapindika akanyowa, ndipo amapezeka kwa kalipentala aliyense. Pa msana, mphuno, tsigiro ndi mkombero wa pamwamba funani zidutswa za mlombwa, umene anzathu a Chiyao amati mtumbati. Paini ali ndi utomoni komanso mizere yake ndi ikuluikulu, moti pa kachombo kakang'ono imaoneka ngati yosachokera pamenepo. Iye asungireni zikombole ndi thabwa lomangirapo. Mkungudza musagule n'komwe, ngakhale wina akunong'onezeni mtengo wabwino. Ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, ndipo pa phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu.

Mtengo wabwino koposa ndi wa mpando kapena chitseko chakale chothyoka, chifukwa unauma kalekale. Ngati mwagula chidutswa chatsopano, chiikeni m'jumbo, mumange, muchisiye pa dzuwa theka la tsiku. Mukaona timadontho m'kati mwa jumbomo, mtengowo ndi wauwisi, udikireni.

Zida si zambiri: kasowo ka mano ang'onoang'ono kapena mpeni wa hakisoo, kampeni kakuthwa, malezala, katchizulo, rula yachitsulo, sandipepa wa nambala 80, 120 ndi 220, mapini a atelala, zopanira zovala, malabala odula ku chubu chakale cha njinga, kandulo, ndi guluu woyera wa akalipentala. Supaguluu ndi wa tinthu ting'onoting'ono ta waya basi. Pa matabwa amauma musanakonze cholakwa, ndipo amasiya banga.

Ntchito yotopetsa ndi yopanga timatabwa. Tikufuna totalika masentimita 60, m'lifupi mamilimita 7, kukhuthala mamilimita 1.5. Pemphani kalipentala wa mashini akuchekereni topyapyala mmene angathere, mwina mamilimita 3, kwinako mukamalize kunyumba. Matani tizidutswa tiwiri tokhuthala mamilimita 1.5 pa thabwa losalala, musiye mpata pakati, goneketsani kathabwa kanu mumpatamo n'kukwecha ndi sandipepa womatidwa pa chipika mpaka chipikacho chikhudze tizidutswa tija. Mbali imodzi ya chombo imadya timatabwa pafupifupi 13. Konzani 40, chifukwa tina tidzathyoka.

Msana ndi zikombole

Thabwa lomangirapo likhale lowongoka, lokhuthala, lotalika masentimita 60. Lembani mzere pakati pake ndi mizere yopingasa ija. Dulani zikombole, chilichonse mukumbe kamphako ka mamilimita 6 kolowa msana, n'kuziimika pa mizere yake mozondoka, mutazitchinjiriza ndi tizipika tomatidwa kumbuyo kwake. Semani msana ndi mphuno kuchokera ku mlombwa wokhuthala mamilimita 6, muzilumikize pa pepala lanu lija kuti kupendekeka kutsatire chithunzi, ndipo guluu akauma mukumbe kangalande kakang'ono mbali zonse ziwiri momwe m'mphepete mwa thabwa loyandikana ndi msana mudzalowere. Ikani msana m'timphako mosamata, mungoupanikiza ndi mapini. Mphuno ndi thabwa la kumbuyo muzimangirire ku thabwa lomangirapo.

Tsopano tsinzinani diso limodzi, muyang'ane kuchokera kutsogolo monga achitira womanga nyumba pa chingwe. Msana, mphuno ndi pakati pa thabwa la kumbuyo ziyenera kubisana. Ngati china chikusuzumira ngakhale milimita imodzi, phwasulani lero. Cholakwa cha pano sichibisika ndi sandipepa, chimakula ndi thabwa lililonse limene mwaikapo.

Chotsatira ndi kusalaza zikombole. M'mphepete mwake munadulidwa chowongoka, koma thabwa limadutsapo chopendekeka, makamaka kutsogolo. Matani sandipepa pa kamtengo kotalika moti kakhudze zikombole zitatu nthawi imodzi, mukwechere motsatira kutalika kwa chombo. Yesani pogonekapo kansungwi kaja. Kayenera kukhudza chikombole chilichonse mokwanira popanda kukankha. Pamene pali mpata matanipo kachidutswa n'kukwechanso. Mukakhutira, pakani kandulo m'mphepete mwa zikombole zonse kuti guluu asadzagwire, chifukwa zikombolezi zidzachoka.

Kuvala matabwa

Apa ndi pamene pali ntchito yonse, ndipo ndi pamene ine ndinagwa. Kachombo kanga koyamba ndinakavala matabwa mbali imodzi yonse Loweruka lina, ndili ndi chimwemwe poona mimba ikutuluka. M'mawa mwake mphuno inali itayang'ana kumanzere. Matabwa atauma anakoka msana wonse. Ndinakatenga n'kupita nako kwa bambo wina wachikulire amene ankakhoma maboti pafupi ndi kwathu. Anakatembenuza m'manja mwawo, zala zawo zili ndi phula la boti m'zikhadabo, n'kukaloza ku kuwala.

"Achimwene, munayamba mwaona ng'ombe imodzi ikukoka ngolo ya ziwiri?"

"Iyayi, madala."

"Ndiye thabwa la kuno likalowa, la uko lilowenso tsiku lomwelo."

Kuyambira pamenepo sindinavalenso mbali imodzi payokha. Limodzi kumanja, limodzi kumanzere.

Musanayambe, werengani kuchepa kwa matabwa. Tengani kampepala kopyapyala, kakulungeni pa chikombole chilichonse kuchokera ku msana kufika pa mkombero, muyeze, n'kugawa ndi 13. Ngati pakati mwapeza mamilimita 91, thabwa lililonse pamenepo ndi mamilimita 7. Ngati pafupi ndi mphuno mwapeza 52, pamenepo thabwa likhale mamilimita 4. Lembani timizere timeneti pa zikombole. Thabwa lililonse mulisonge ndi lezala ndi rula kumbali imodzi yokha, ndipo lisachepe kupitirira theka la m'lifupi mwake. Pamene malo achepa koposa apo, thabwa limodzi lithere m'njira, awiri oyandikana nalo akumane kutsogolo kwake.

Kupinda kumafuna madzi otentha. Nyikani kathabwa kwa mphindi 20 m'madzi owira, m'fulasiki kapena m'paipi yotsekedwa kumunsi. Mukakatulutsa, kakandikizeni pang'onopang'ono pa chitini chimene m'kati mwake mukuyaka kandulo, mukukayendetsa uku ndi uku. Mudzamva m'zala kakufewa, kenako kakuvomera. Kapanikizeni pa zikombole ndi mapini ndi zopanira, kopanda guluu, kagone usiku wonse. Mtengo wonyowa umafufuma, ndipo mukaumata choncho, mawa mudzapeza mipata yoonekera dzuwa. Mapini musabaye pa thabwa penipeni ngati mungathe, bayani m'chikombole m'mphepete mwake kuti mutu wa pini ndiwo upanikize.

Yambani ndi thabwa la pa mkombero mbali zonse ziwiri, chifukwa ndilo limapereka maonekedwe a chombo. Kenako la m'ngalande ya msana, limene ndi lovuta kuposa onse popeza limagona pakati n'kudzuka kuima likamafika ku mphuno. Lipotoleni likadali lotentha. Otsalawo muziwaonjezera kuchokera mbali ziwirizi mpaka akumane pa mimba, pamene lomaliza mudzalisema motsatira mpata umene watsala. M'mphepete mwa thabwa lililonse mukwechemo mopendeketsa pang'ono kuti ligwirane ndi linzake popanda kukamwa kunja, ndipo musanamate mudutsitsemo pensulo yofewa. Kamzere kakuda kameneko kadzaoneka ngati zomatira za pakati pa matabwa a chombo chenicheni.

Guluu apite m'mphepete mwa thabwa, pa mphuno, pa msana ndi pa thabwa la kumbuyo, osati pa zikombole. Mupakeni ndi kamtengo ka machesi, wotuluka mumupukute nthawi yomweyo ndi kansalu konyowa, apo ayi mafuta sadzalowa pamenepo. Kutentha kwa kuno mu October ndi November kumaumitsa guluu pamwamba musanamalize kuika mapini, choncho nthawi imeneyo matani m'mamawa kusanatenthe. Timatabwa tiwiri kapena tinayi pa tsiku ndi tokwanira. Masabata awiri kapena atatu adzatha muli pa gawo limeneli, ndipo palibe chodulira njira.

Mukamaliza, kwechani kunja chombo chikadali pa zikombole, kuyambira 120 kumalizira 220, motsatira mizere ya mtengo. Kumbukirani kuti muli ndi mamilimita 1.5 okha. Timipata tsekani ndi fumbi la mtengo womwewo losakaniza ndi guluu pang'ono.

Kutembenuza, nthiti ndi za m'kati

Dulani zomangira za mphuno ndi za kumbuyo, gwedezani pang'onopang'ono, chombo chidzasiyana ndi zikombole. Chidzakhala chopepuka ngati chikho, ndipo chimafuna kuyasama. Nthawi yomweyo panikizani timitengo titatu chopingasa pamwamba kuti m'lifupi mukhalebe masentimita 12. Palani guluu wa m'kati ndi kachidutswa ka lezala.

Kuika nthiti pambuyo pa matabwa si kubera. Amisiri a madau a ku nyanja ya mchere amatero, matabwa kaye, nthiti pambuyo. Dulani timitengo ta mamilimita 2 kwa 3, tinyikeni, tipindeni, mutimate motalikirana masentimita awiri. Kunja, pamene nthiti yadutsa, bayani timadontho tiwiri pa thabwa lililonse ndi singano n'kulowetsamo nsonga ya pensulo, ikhale misomali. Onjezani mkombero wa mlombwa, mitanda inayi yopingasa, kabwalo kakang'ono kutsogolo ndi kena kokulirapo kumbuyo koimapo wogwira tsigiro. Pakati pakhale poyera. Pansi pake ndimayalapo kamkeka kolukidwa ndi mlaza wong'ambidwa mopyapyala. Tsigiro lipachikeni ndi tiwaya ta kopa tochokera m'chingwe chakale cha magetsi, ndipo nangula wa mano anayi mungamupinde ndi waya womwewo.

Pakani mafuta musanaimike mlongoti. Vanishi wonyezimira amasandutsa chombo cha ntchito kukhala chidole cha m'sitolo. Mafuta a linseed opakidwa mopyapyala kawiri, n'kupukuta otsala, amatulutsa kufiira kwa mlombwa bwino kwambiri. Nsalu imene mwapakira musaiunjike pakona, imatha kuyaka yokha. Iyanikeni panja kapena muiviike m'madzi. Mafuta ophikira ayi, amanunkha ndipo amaitana nyerere.

Mlongoti ndi thanga

Dau limadziwika ndi thanga lake, ndiye pano musathamange. Mlongoti ndimaupanga wa masentimita 30, wonenepa mamilimita 7 pansi ndi 4 pamwamba, woima masentimita 20 kuchokera ku mphuno, wopendekera kutsogolo pang'ono. Phazi lake lilowe m'kachipika komatidwa pa msana, ndipo umangiriridwe ku mtanda. Mtengo wopachikapo thanga, umene pa Chiswahili amati foromali, ndi wautali ngati chombo chomwe. Upangeni ndi nsungwi ziwiri zolumikizidwa pakati ndi ulusi wokulunga, monga achitira pa madau enieni, zonse pamodzi masentimita 52. Nsungwi zake zikhale zokhwima, zouma, kuti zisadzafumbwe.

Nsalu yabwino ndi ya shati yakale yoyera ya thonje, imene yachapidwa mpaka kupyapyala. Iviikeni m'tiyi wopanda mkaka ndi shuga, iume, muisite. Yambani mwadula thanga la pepala n'kuliyesa pa chombo. Limaoneka ngati la ngodya zitatu, koma nsonga ya kutsogolo ndi yodulidwa pang'ono. Pa nsalupo lembani mizere ya pensulo yotalikirana masentimita awiri, kusonyeza nsalu za masentimita 60 zosokedwa pamodzi pa chombo chenicheni. Musasoke ndi mashini, ulusi wake pa sikelo imeneyi ungafanane ndi chingwe chomangira mbuzi. Pakani guluu wosungunula ndi madzi m'mphepete musanadule kuti nsalu isasosoke, kenako matani ulusi wonenepa kuzungulira. Kuti thanga lioneke ngati ladzaza mwera, linyowetseni ndi guluu wamadzimadzi yemweyo, mulimange ngodya zake, muliyale pa jumbo ya ufa wochepa mpaka liume lili ndi mimba.

Zingwe zikhale za ulusi wa thonje wa makulidwe atatu. Ulusi wa ukonde ulipo wambiri kuno, koma umanyezimira ndipo mfundo zake zimamasuka. Kokani ulusi uliwonse pa phula la njuchi kuti ubweya wake ugone. Chingwe chonenepa ndi chokwezera thanga, chimachokera pa mtengo wa thanga, kudutsa pa kabowo ka pamwamba pa mlongoti n'kutsikira kumbuyo. Ziwiri mbali iliyonse zigwire mlongoti. China chimange nsonga ya kutsogolo ya thanga ku mphuno, china chichoke pa ngodya ya kumbuyo kupita pafupi ndi wa tsigiro. Pa mfundo iliyonse donthezani kadontho ka guluu wamadzi, ndipo zotsala muzikulunge bwino pa bwalo m'malo mozidula zonse.

Choikapo chake chikhale chosavuta, thabwa limodzi ndi timafoloko tiwiri. Pansi pake lembani ndi inki kuti ndi dau la pa nyanja ya Malawi, miyezo ya ku Nkhotakota ya 1863, sikelo 1:30, ndi chaka chimene mwamaliza. Kachomboka kasakhale pa windo pofika dzuwa, ndipo ngati mungathe kapangireni bokosi la galasi, chifukwa mphemvu zimadya thanga ndipo mavu amakonda kumanga pansi pa kabwalo ka kumbuyo.

Ulusi wa thonje umakungika kukakhala chinyezi, n'kulefuka kukauma. Ngati mukumanga zingwe m'chilimwe, zisiyeni zolefuka pang'ono, moti mukazikhudza ndi chala zizigwedera. Mukazikunga mu October, mvula ya January ikadzafika zidzakoka mlongoti mpaka kuupinda.